Zidole zoyenda ndi kuyankhula m'mafilimu a ana: zimapangidwa motani, ndipo moyo wake umachokera kuti?

Pamene kampani ya Disney inalengeza kuti gawo lachisanu la filimu ya Toy Story, yomwe ndi ya zidole zamoyo, lidzatuluka mu Juni 2026, funso lomwe makolo ambiri akhala akufunsa linabukanso, nalo ndi lakuti chidole cha pulasitiki chimatheka bwanji kuphethira, kukwiya, kuthamanga ndi kulira misozi pa kanema. Kuno ku Salima mafilimuwa si achilendo, pakuti ana amawaonera m'mavidiyo sho a pa Kamuzu Road, ku Senga Bay ndi ku Chipoka, ndipo ena amawaonera pa mafoni a makolo awo. Mayankho omwe amamveka ndi osiyana. Ena amati muli matsenga ndipo mwana sayenera kuyandikirako, ena amati ndi anthu ovala zinyawu za pulasitiki, pomwe achinyamata ambiri masiku ano amangoti zonsezo ndi AI, mapulogalamu a kompyuta opanga zithunzi paokha. Ngati mwana ayenera kuonera kapena ayi, chimenecho ndi chigamulo cha banja lililonse; chomwe chingathandize ndi kudziwa kaye chomwe chimachitika filimuyo isanafike pa kanema.

Nkhani yongopeka yokhala ndi lamulo lake

Mafilimu amtunduwu amapangidwira banja lonse, kutanthauza kuti mwana ndi mkulu onse apezemo chowasangalatsa, ndipo nkhani yake imakhala yongopeka, yomwe zinthu zosatheka m'moyo weniweni zimachitika ngati zachizolowezi. Lingaliro la chidole chokhala ndi moyo ndi lakale kuposa kanema. Mu 1883 mlembi wa ku Italy, Carlo Collodi, anatulutsa buku la Pinocchio, kamnyamata kosemedwa ndi mtengo komwe kanayamba kuyenda ndi kuyankhula, ndipo kampani ya Disney inasandutsa nkhaniyo filimu mu 1940.

Komabe sitifunika kuwoloka nyanja kuti tipeze nkhani yotere, chifukwa aliyense amene anakulira pa nthano za madzulo amadziwa za Kamdothi, mwana amene mayi wosowa mwana anamuumba ndi dothi, nakhala wamoyo n'kumasewera ndi anzake pabwalo. Chofunika kuzindikira m'nthanoyi ndi lamulo lomwe linamangirira moyo wa mwanayo: mvula isamunyowetse. Popanda lamuloli nthanoyo ikanakhala yopanda mchere, pakuti omvera amakhala ndi nkhawa mtambo ukangoyamba kuda, ndipo nkhawayo ndi imene imawasunga mpaka kumapeto. Olemba mafilimu a zidole amagwira ntchito ndi mfundo yomweyi. Mu Toy Story lamulo ndi lakuti zidole zimayenda ndi kuyankhula pokhapokha munthu asakuziona, ndipo chitseko chikangotseguka zimagwa pomwe zili n'kukhala zii. Filimuyo siyifotokoza komwe moyo wa zidolezo unachokera. Mulibe sing'anga, mulibe mankhwala, mulibe mzimu woitanidwa. M'mafilimu ena olemba amaikamo chifukwa chake, monga pemphero la mwana, nyenyezi yogwa kapena bokosi lodabwitsa, koma m'njira zonse ziwiri matsengawo amakhala mbali ya nkhani yolembedwa papepala, ndipo kapangidwe ka filimuyo ndi nkhani ina yosiyana kotheratu.

Palibe chimayenda pa kanema

Mfundo yoyamba yomwe imadabwitsa ambiri ndi yakuti m'filimu iliyonse, ngakhale ya anthu enieni, mulibe chithunzi choyenda. Filimu ndi mndandanda wa zithunzi zoima zomwe zimasinthana mofulumira, kawirikawiri zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo chifukwa chithunzi chilichonse chimasiyana pang'ono chabe ndi chinzake, ubongo umazilumikiza n'kuona ngati chinthu chikuyenda. Mphindi imodzi imadya zithunzi 1,440, ndipo filimu ya mphindi 80 imafuna zithunzi 115,200.

Pojambula anthu, kamera imatola zithunzizo yokha pamene anthuwo akuyenda. Chidole sichiyenda chokha, choncho munthu ayenera kupanga chithunzi chilichonse mwadala, chimodzi pambuyo pa chinzake. Luso limeneli ndi lomwe limatchedwa animation, ndipo makatuni onse amachokera pamenepa.

Njira zitatu zoyendetsera chidole

Njira yoyamba ndi yojambula pamanja, momwe akatswiri ambiri amagawana ntchito yolemba zithunzi zikwizikwi. Pinocchio wa 1940 anapangidwa motero.

Njira yachiwiri imatchedwa stop motion, ndipo ndi yokhayo yomwe chidole chenicheni chogwirika chimaima patsogolo pa kamera. Katswiri amachijambula chithunzi chimodzi, n'kusuntha mkono wake pang'ono kwambiri, n'kuchotsa dzanja lake, n'kujambulanso, ndipo amabwereza zimenezi mpaka zithunzi zitakwana. Njirayi ndi yakale, moti mu 1908 Arthur Melbourne-Cooper wa ku England anali atapanga kale filimu yaifupi ya zidole zoyenda mumsewu pogwiritsa ntchito njira imeneyi. Ndiyonso yomwe aliyense wokayikira angayese yekha. Mwana amene amadziwa kuumba ng'ombe yadongo angathe kuimika foni pakati pa njerwa ziwiri kuti isagwedezeke, n'kuika ng'ombeyo pamphasa, n'kumaisuntha mtunda wosaposa m'lifupi mwa chikhadabo asanajambule chithunzi chilichonse. Akatola zithunzi 120 n'kuzionetsa 12 pa sekondi kudzera pa pulogalamu ya pa foni, ng'ombeyo idzaoneka ikuyenda yokha kwa masekondi 10. Adzazindikiranso mavuto omwe akatswiri amakumana nawo: mtambo ukaphimba dzuwa pakati pa ntchito, filimuyo imaoneka ngati ikuphethira, dongo likauma, mwendo umathyoka, ndipo chala chikaiwalika m'chithunzi chimodzi chokha, chinsinsi chonse chimaululika.

Njira yachitatu ndi ya kompyuta, ndipo ndi yomwe inafala pambuyo pa Toy Story yoyamba ya mu 1995 n'kufika polamulira mafilimu a ana.

Momwe kompyuta imagwiritsidwira ntchito

Toy Story, yomwe inapangidwa ndi kampani ya Pixar ya ku California motsogoleredwa ndi John Lasseter, inali filimu yaitali yoyamba padziko lonse kupangidwa yonse pa kompyuta, ndipo ntchitoyo inatenga zaka pafupifupi 4. Mawu akuti yopangidwa pa kompyuta amasokoneza, chifukwa amapereka chithunzi chakuti munthu amadina batani makina n'kutulutsa filimu. Zenizeni zake n'zakuti ntchito yambiri imayamba kompyuta isanayatsidwe n'komwe.

Olemba amayamba ndi nkhani, kenako ojambula amaisandutsa tizithunzi tapamanja tosonyeza zochitika motsatizana, ndipo tizithunzito amatikhoma pakhoma kuti aone pomwe nkhani ikutsimphina. Zikatero amaitana akatswiri a zisudzo kuti ajambule mawu, ndipo izi zimachitika chidole chisanayambe kuyendetsedwa. Mawu a Woody, chidole cha woweta ng'ombe wa ku America, anali a Tom Hanks, ndipo a Buzz Lightyear, chidole cha woyenda mumlengalenga, anali a Tim Allen. Dongosololi lili ndi chifukwa chake: milomo ndi nkhope ya chidole zimakonzedwa potsata mawu omwe alipo kale, kuphatikizapo pomwe woyankhulayo anapumira, anachita chibwibwi kapena anakweza mawu.

Chidolecho chimamangidwa mkati mwa kompyuta ngati thupi lokhala ndi msinkhu, m'lifupi ndi kuya, lopangidwa ndi timadontho tambirimbiri tomwe malo ake amasungidwa ngati manambala. Chifukwa chakuti ndi thupi lathunthu, akatswiri angathe kulizungulira n'kuliona kumbuyo, pamwamba kapena pansi popanda kulijambulanso. Thupi lotere silingapindike lokha, choncho gulu lina limaliikira mafupa ndi zogwirira zosaoneka, zomwe zonse pamodzi zimatchedwa rig. Aliyense amene anaonapo mnyamata akuyendetsa galimoto yamawaya angamvetse mfundoyi msanga: galimotoyo imakhota bwino ndithu, koma chimaikhotetsa ndi waya wautali wochokera ku matayala kufika pa chiwongolero chomwe chili m'manja mwa mwini wake. Kusiyana kwake n'kwakuti galimoto ili ndi chiwongolero chimodzi, pomwe Woody anali ndi zogwirira zoposa 700, ndipo zoposa 200 mwa izo zinali za nkhope yokha, zoyendetsa nsidze, zikope, masaya ndi ngodya za milomo.

Apa ndi pomwe pali mtima wa nkhani yonse. Katswiri woyendetsa chidole amasankha maimidwe ofunika, mwachitsanzo mkono uli pansi pa chithunzi choyamba ndipo uli m'mwamba pa chithunzi cha 12, ndipo kompyuta imawerengera malo omwe mkonowo udutse pakati pa zithunzi ziwirizo. Kuwerengera kwa makina kumatulutsa kuyenda kosalala koma kopanda moyo, chifukwa chamoyo sichiyenda pa liwiro limodzi. Munthu asanadumphe amayamba wanjuta, asanaponye mwala amabweza mkono kumbuyo, akamva nkhani yodzidzimutsa maso amatembenuka mutu usanatembenuke, ndipo akaima mwadzidzidzi zovala zake zimapitirira pang'ono zisanakhazikike. Tinthu timeneti ndi tomwe katswiri amaonjezera ndi manja ake, chithunzi ndi chithunzi, ndipo ndi tomwe timachititsa woonera kukhulupirira kuti m'mutu mwa chidolecho muli maganizo.

Kwa zidole pali vuto lina lapadera, lakuti chilichonse chiyenera kuyenda molingana ndi chomwe chinapangidwa nacho. Woody ndi wansalu yosokedwa, choncho akamathamanga miyendo yake imalendewera ndi kupindika paliponse, pomwe Buzz ndi wa pulasitiki yolimba ndipo amapindika pa mfundo zake zokha. Asilikali ang'onoang'ono obiriwira a pulasitiki a m'filimuyo anali ndi mapazi omatiridwa pa kathabwa kamodzi, ndipo pofuna kudziwa momwe chidole chotere chingayendere, akatswiri a ku Pixar anakhomera nsapato pa thabwa, n'kuzivala, n'kumayesa kuyenda nazo m'situdiyo. Kwa ine, thabwa limenelo limafotokoza ntchitoyi bwino kuposa manambala onse a makompyuta, chifukwa likusonyeza kuti mayendedwe omwe mwana amaseka nawo pa kanema anayamba ayesedwa ndi miyendo ya munthu. Akatswiri oyendetsa zidole pa filimuyo analipo 27, ndipo kugwirizanitsa milomo ndi nkhope ndi mawu kunkatenga sabata yathunthu pa masekondi 8 okha.

Mayendedwe akatha, ena amapaka mitundu ndi kuika maonekedwe a khungu la chinthu chilichonse, monga ulusi wa nsalu, kunyezimira kwa pulasitiki ngakhale zokala za pakhoma, ndipo ena amaika nyali zongoyerekeza kuti pakhale kuwala ndi mithunzi. Gawo lomaliza limatchedwa rendering, pomwe makompyuta amawerengera mtundu wa kadontho kalikonse pa chithunzi chilichonse poona komwe kuwala kukuchokera ndi chomwe kukugwera. Pa Toy Story ntchitoyi inagwiridwa ndi makompyuta 117 omwe ankagwira usana ndi usiku, chithunzi chimodzi chinkatenga pakati pa mphindi 45 ndi maola 30 kutengera kuchuluka kwa zinthu zomwe zinalimo, ndipo maola onse a makinawo ataphatikizidwa anakwana pafupifupi 800,000. Kompyuta imodzi ikanagwira ntchitoyo yokha, ikanatha zaka zoposa 90.

N'chifukwa chiyani anayamba ndi zidole?

Funsoli silifunsidwa kawirikawiri, koma yankho lake limachotsa chinsinsi chachikulu. Makompyuta a nthawi imeneyo ankatulutsa zithunzi zomwe chilichonse chinkaoneka chosalala ndi chonyezimira ngati pulasitiki, kaya ndi khungu la munthu, tsitsi kapena ubweya wa galu. Pixar inaona vutoli mu 1988 pa filimu yake yaifupi ya Tin Toy, momwe munali chidole chachitsulo ndi khanda lokwawa. Chidolecho chinaoneka chokongola ndi chokhulupirika, koma khandalo linaoneka loopsa m'malo mokhala losangalatsa, ngakhale filimuyo inapata mphotho yaikulu ya mafilimu yotchedwa Oscar. Phunziro linali loonekeratu: ngati makina amasandutsa chilichonse pulasitiki, ndi bwino kusankha nkhani yomwe eni ake ndi a pulasitiki kale.

Amene angaonerenso filimu ya 1995 ndi diso lofufuza aona umboni wa zimenezi. Zidole zimaoneka bwino mpaka lero, koma anthu ndi galu amaoneka ouma, tsitsi la ana ndi lalifupi kapena lomangidwa, ndipo nthawi zambiri kamera imaonetsa miyendo ndi manja a akuluakulu m'malo mwa nkhope zawo. Zinatenga zaka zina kuti luso lifike pa ubweya, ndipo pofika mu 2001 kampani yomweyi inatha kupanga chilombo chokhala ndi tsitsi loposa 2 miliyoni, lililonse likugwedezeka palokha. Choncho kuchuluka kwa zidole m'mafilimu oyamba a pa kompyuta kunachokera ku malire a makina, pamodzi ndi mfundo yodziwika yakuti mwana aliyense anaganizapo kuti chidole chake chimamumva.

Nanga AI ikubwera pati?

AI, kutanthauza mapulogalamu omwe amaphunzira kuchokera ku zitsanzo zambirimbiri n'kumatulutsa zithunzi kapena mawu paokha, ndi yomwe imapanga timavidiyo tambiri tafupitafupi tomwe tikuzungulira pa WhatsApp ndi pa TikTok masiku ano. Munthu amalemba chiganizo chofotokoza chomwe akufuna, pulogalamu n'kupeka kanemayo. Mapulogalamu oterewa afala m'zaka zochepa zapitazi, pomwe magawo anayi oyamba a Toy Story anatuluka mu 1995, 1999, 2010 ndi 2019, ndipo onse anapangidwa m'njira yomwe yafotokozedwa pamwambapa. Kusiyana kwake kumaoneka munthu akayang'anitsitsa: m'timavidiyo ta AI nkhope kapena zala za chidole zimatha kusintha pakati pa kanema, pomwe m'filimu yomangidwa ndi akatswiri chidolecho chimakhala chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa ndi thupi limodzi lomwelo lomwe likuyendetsedwa.

Mwana, ndalama ndi chizindikiro cha msinkhu

Katswiri wa maganizo a ana wa ku Switzerland, Jean Piaget, analemba m'zaka za m'ma 1920 kuti ana aang'ono amakonda kupatsa moyo zinthu zopanda moyo, monga kunena kuti mwezi ukuwatsatira kapena kuti mwala womwe wawapunthwitsa ndi wankhanza. Kamtsikana kobereka chitsononkho kumbuyo pa masanje n'kumachitonthoza kakuchita zomwezo. Ofufuza omwe anabwera pambuyo pake anapeza kuti ana amasiyanitsa zoyerekeza ndi zenizeni msanga kuposa momwe Piaget ankaganizira, ngakhale kuti kudziwa kuti chinthu ndi chongopeka sikuletsa mwana kuchita nacho mantha usiku. Omwe amayamikira mafilimuwa amati amathandiza mwana kulingalira za nsanje, kutayidwa, ubwenzi ndi kukula, pakuti nkhani ya Toy Story yoyamba ndi ya chidole chakale chomwe chikuopa kulandidwa malo ndi chatsopano, zomwe mwana aliyense amene wabadwiridwa mng'ono amazidziwa. Omwe amakayikira amanena za mantha a ana aang'ono kwambiri, za nthawi yomwe imathera pa kanema m'malo mwa masewero a pabwalo, komanso za chikhulupiriro cha banja lawo pa nkhani za mizimu.

Mbali ya ndalama nayo ndi yofunika kuidziwa. Toy Story inadya ndalama pafupifupi madola 30 miliyoni ndipo inabweza zoposa madola 350 miliyoni m'nyumba zoonetsera mafilimu padziko lonse, ndipo mu 2006 Disney inagula Pixar pa madola 7.4 biliyoni. Filimu ya zidole ili ndi mwayi womwe mafilimu ena alibe, wakuti eni nkhani ake angathe kuikidwa m'bokosi n'kugulitsidwa m'sitolo momwe alili. Makampani a zidole anazindikira izi mochedwa pang'ono: kampani ya Mattel sinalole kuti chidole chake cha Barbie chikhale m'filimu yoyamba, koma itaona momwe filimuyo inayendera, Barbie anapezeka m'gawo lachiwiri mu 1999. Kuno malonda amenewo amatifikira kudzera pa kaunjika, pomwe nkhope za Woody ndi Buzz zimapezeka pa malaya, zikwama za kusukulu ndi nsapato za ana, nthawi zina pa ana omwe filimuyo sanaionerepo.

Pomaliza pali nkhani yomwe imakhudza makolo mwachindunji, yakuti si filimu iliyonse ya chidole chamoyo yomwe inapangidwira ana. Mu 1988 ku America kunatuluka filimu yoopseza ya Child's Play, momwe chidole chotchedwa Chucky chimalowedwa ndi mzimu wa chigawenga n'kumapha anthu, ndipo chikuto chake chingathe kunyenga kholo lomwe likungoona chidole chovala zamitundumitundu. Ku America mafilimu amapatsidwa zizindikiro za msinkhu: G ndi ya aliyense, PG imafuna kuti kholo liunike kaye, PG-13 imachenjeza za ana osakwana zaka 13, ndipo R imafuna kuti wosakwana zaka 17 aperekezedwe ndi mkulu. Magawo anayi oyamba a Toy Story ali ndi G, pomwe Child's Play ili ndi R. Ngakhale chizindikiro cha G sichitanthauza kuti mulibe chodetsa nkhawa, pakuti m'gawo la 2010 muli pomwe zidole zimatsala pang'ono kupsa m'ng'anjo yotenthera zinyalala. Kuno kwathu udindo wounika mafilimu oonetsedwa pagulu uli m'manja mwa bungwe la Censorship Board, lomwe limagwira ntchito potsata lamulo la 1968, koma mafilimu ambiri amafika m'midzi pa fulashi kapena pa foni, atachotsedwa kale chikuto ndi chizindikiro chilichonse.

Ambiri mwa mafilimu oterewa amafikanso atamasuliridwa m'Chichewa ndi achinyamata omwe amayankhula pamwamba pa mawu oyambirira. Izi zimafotokoza chifukwa chake milomo ya chidole siyenderana ndi mawu omwe akumveka, pakuti milomoyo inakonzedwa chithunzi ndi chithunzi potsata mawu a Chingerezi. Zimatanthauzanso kuti chizindikiro cha msinkhu, ngakhale chitapezeka, chimanena za filimu momwe inatulukira ku situdiyo, ndipo sichikhudza nthabwala kapena mawu omwe womasulirayo waonjezera mwa iye yekha pofuna kusangalatsa akuluakulu a mu vidiyo sho.